Mukapita kukaona Stonehenge, Avebury ndi miyala ina ya makedzana, yambani mwayang'ana pomwe mwaponda

Anthu ambiri akafika pa Stonehenge, bwalo la miyala ya makedzana ku England, amangoti foni m'manja, kujambula, mphindi 20 abwerera mu basi, nde zimandiwawa chifukwa theka la zinthu zomwe anabwerera amazidutsa osaziona, mwinanso kuziponda kumene. Mwala wa matani 25 ndi wolimba ndithu, watha zaka pafupifupi 4,500 uli chiimire. Chomwe sichichedwa kuonongeka ndi dothi lozungulira miyalayo ndi khungu la mwala, ndipo nthawi zambiri amene amaononga ndi anthu oti malowo amawakonda kwambiri.

Choyamba mudziwe kuti henge ndi chani, poti mukadziwa mayendedwe anu amasintha okha. Henge ndi bwalo lozunguliridwa ndi ngalande komanso mtumbira wa dothi, ngalande imakhala mkati mtumbira kunja. Dzinali analiyambitsa ndi katswiri wa zakale Thomas Kendrick mu 1932 potengera Stonehenge, ngakhale kuti pa Stonehenge penipenipo ngalande ili kunja kwa mtumbira. Ma henge ena alibe mwala ndi umodzi omwe, ngati atatu aja a ku Thornborough ku North Yorkshire, ndi dothi lokhalokha. Nde mukaona kamtunda ka udzu nkumati ndikwerepo kuti chithunzi chituluke bwino, dziwani kuti mwakwera pa chinthu chenichenicho chomwe anthu anachiunjika ndi manja, kukumba choko ndi nyanga za agwape, zitsulo kulibe.

Za Stonehenge zili chonchi. Ili ku Wiltshire, sitima imakusiyani ku Salisbury kenako pali basi yopita konko. Miyala amayang'anira ndi bungwe la English Heritage, minda yozungulira ndi ya bungwe lina la National Trust. Tikiti gulirenitu pa intaneti chifukwa imakhala ndi nthawi yake yolowera. Malo olandirira alendo anatsegulidwa mu 2013 ndipo ali pa mtunda wa makilomita awiri ndi theka kuchokera pa miyala, pali kabasi konyamula anthu koma ngati miyendo ili bwino yendani wapansi, chonde. Panjira mudzaona timitumbira tozungulira ta manda akale, komanso Cursus, mizere iwiri ya dothi yotalika pafupifupi makilomita atatu yomwe ndi yakale kuposa miyalayo. Pofika pa miyala mumakhala mwamvetsa kale kuti dera lonselo ndi limodzi. Ngalande yoyamba ya Stonehenge anaikumba cha m'ma 3000 BC, miyala ikuluikulu yotchedwa sarsen anaiimika cha m'ma 2500 BC ndipo yambiri inachokera ku West Woods, makilomita ngati 25. Miyala ina ing'onoing'ono inachokera ku mapiri a Preseli ku Wales, makilomita oposa 200, ndipo mu 2024 ofufuza anapeza kuti mwala wogona pakati wotchedwa Altar Stone unachokera kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, makilomita 700 ndi kuposera.

Pali chingwe, simulowa mkati. Anachiika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ataona kuti mapazi a anthu akudya nthaka. Musakwiye nacho. Kale alendo ankabwera ndi hamala nkumagumula tizidutswa tokasunga kunyumba, ena kuzokota mayina awo, zipsera zake zilipo mpaka lero. Ngati mtima ukufunitsitsa kuima pakati pa miyala pali ulendo wapadera wa m'mamawa kapena madzulo wa anthu ochepa, umafunika kubukitsiratu miyezi isanakwane, ndipo ngakhale pamenepo kukhudza mwala ndi koletsedwa. Njira ina ndi tsiku lalitali kwambiri pachaka cha pa 21 June ndi lalifupi kwambiri la mu December, amatsegula ulere, koma khamu lake ndi lalikulu, mowa saloleza, kukwera pa mwala saloleza.

Bwanji osakhudza? Yandikirani mwala wina uliwonse wa mtunduwu kumene amalola kuyandikira, muuyang'ane bwinobwino osaugwira. Mudzaona kuti si wotuwa wokhawokha ayi, uli ndi mawanga, ena obiriwira motuwa ngati ndevu, ena achikasu, ena oyera ozungulira ngati khobidi, ndi ndere zimenezo, zamoyo, zina zimakula mamilimita ochepa chabe pachaka moti banga lalikulu ngati chikhatho lingakhale lakale kuposa agogo anu. Dzanja limodzi silikanthu koma malowa amalandira anthu oposa miliyoni pachaka. Komanso pa miyala ina ya Stonehenge pali zithunzi za nkhwangwa ndi mipeni zomwe anazokota kalekale, katswiri wa zakale Richard Atkinson anaziona mu 1953, ndipo mu 2011 makina a laser anapeza zina zambiri zoti maso sangazionenso chifukwa zinafufutika. Zinthu zosaya chonchi kukhula pang'ono basi zapita. Nchifukwa chake anthu atawaza ufa wa mtundu wa olenji pa miyalayi mu June 2024 ogwira ntchito anauchotsa ndi mpweya, poopa kuti madzi kapena bulashi ziononga ndere.

Ine malo omwe ndimauza aliyense kuti apiteko ndi Avebury, makilomita ngati 30 kumpoto kwa Stonehenge, awiriwa analowa limodzi pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1986. Kumeneko kulowa mu miyala ndi ulere, mumangolipira poimika galimoto, chingwe kulibe, nkhosa zikudya msipu pakati pa miyala, mudzi wonse uli mkati mwa bwalo ndipo msewu wa galimoto unadula pakati nde muzisamala powoloka. Bwalolo ndi la mamita oposa 400 m'mimba mwake ndipo ngalande yake poyamba inali yakuya mpaka mamita 9, mukaima m'mphepete nkuganiza kuti anakumba ndi nyanga mutu umaima. Bwalo lakunja linali ndi miyala pafupifupi 100. Yambiri inatha ndi anthu. M'zaka za m'ma 1300 ankaigwetsa nkuikwirira, ndipo mu 1938 wofufuza zakale Alexander Keiller akufukula anapeza mafupa a munthu pansi pa mwala umodzi ali ndi sizasi ndi makobidi a nthawi imeneyo. M'ma 1720 wolemba za malo akale William Stukeley anaona ndi maso ake anthu akusonkha moto pa miyala, kuthira madzi ozizira kuti isweke, nkukamangira nyumba. Timizati ta simenti tomwe mudzaone tikusonyeza pomwe panali mwala.

Ufulu wa ku Avebury ndi womwe umafuna kuti munthu adzigwire yekha. Pa mtumbira mukaona pomwe udzu watha choko choyera chikuonekera, musapondepo, zungulirani, ndipo akatseka chigawo china ndi kampanda kuti udzu umere musadumphe. Mvula ikagwa kwambiri ndi bwino osakwera mtumbira nkomwe poti nsapato imodzi m'matope imakokolola dothi lomwe masiku ouma sikanalisuntha. Geti mwaipeza yotseka itsekeni, galu akhale pa chingwe chifukwa cha nkhosa, ndipo nkhosazo zili pantchito, zimadya tchire lomwe mizu yake ikanasokoneza zapansi. Pafupi pomwepo pali Silbury Hill, phiri lounjika ndi manja cha m'ma 2400 BC lotalika kuposa mamita 30, limakopa kukwera koma ndi loletsedwa, mu 2000 pamwamba pake panagumuka dzenje chifukwa cha mgodi womwe anthu ofuna chuma anakumba mu 1776.

Tsopano nkhani yovuta, ya anthu opita kukapemphera kapena kukasiya mphatso. Ine sindinyoza zimenezo, malowa amagwira mtima. Koma kandulo phula lake limatsikira pa mwala nkupha ndere, ndipo polichotsa amapala mwalawo. Makobidi okanikiza m'ming'alu amachita dzimbiri nkusiya banga. Moto ndiye woipitsitsa, umang'amba mwala ngati mmene ankachitira aja a nthawi ya Stukeley, komanso makala atsopano akalowa m'dothi amasokoneza akatswiri omwe amadalira makala akale kuti adziwe zaka za malowo. Ndinaonapo pa kabwalo kena kakang'ono kutchire phulusa pakati penipeni, timakandulo ta m'tizitini tosungunuka, ndi riboni ya pulasitiki itamangidwa pa nthambi mpaka kulowa m'khungwa, ndinatola zomwe zinali zotayirira nkuika m'thumba koma phula lomwe linamatirira pa mwala ndinalisiya, poti kupala ndi kiyi kukanaonjezera bala, ndinangojambula nkutumiza kwa oyang'anira. Inunso muzitero. Imbani nyimbo, khalani chete, pempherani, koma chomwe mwabwera nacho chibwerere nanu. Timiyala tating'ono tapansi musasunthe kapena kusanjikiza.

Mukapita kumpoto ku zilumba za Orkney ku Scotland kuli Ring of Brodgar, bwalo la mamita 104 lomwe akuti linali ndi miyala ngati 60 ndipo ina mwa iyo idakali chiimire. Kumeneko oyang'anira malowo a Historic Environment Scotland amatseka kanjira ka mkati nthawi zina kuti nthaka ipume, poti alendo achuluka komanso mvula ndi yambiri, nde mukapeza potseka yendani njira yakunja, miyala imaonekabe bwino. Tengani jekete ya mvula ndi nsapato zolimba ngakhale kunja kukuwala, mphepo yake si yamasewera. Mabwalo ang'onoang'ono ambiri ali m'minda ya anthu, ku England ndi Wales tsatani njira zololedwa zomwe zili pa mapu, ngati palibe pemphani mwini munda.

Lamulo nalo lilipo. Lamulo la ku Britain la 1979 loteteza malo akale limati kuononga malo otetezedwa ndi mlandu, kugwiritsa ntchito makina ofufuzira zitsulo pansi popanda chilolezo cholembedwa ndi mlandunso, ndipo drone pa malo a English Heritage kapena National Trust siuluka popanda chilolezo. Mukaona maenje atsopano ang'onoang'ono mu udzu, penti, kapena matayala a galimoto atadutsa pa mtumbira, musakangane ndi munthu, jambulani, lembani tsiku ndi malo enieni, imbani 101 yomwe ndi nambala ya polisi ya nkhani zosafuna changu, ndipo ngati akuononga pompopompo imbani 999. Mukapeza kamwala kosongoka ngati mutu wa muvi pa dothi lomwe mfuko yatulutsa, kajambuleni pomwe kalipo, muike khobidi pambali kuti kukula kwake kuoneke, kenako tolani khobidi lanu nkukauza oyang'anira malowo.