Zoti mudziwiretu musanakaunikidwe m'mimba

Adokotala akati mupange endoscopy, ndiye kuti akulowetsani kapaipi ka kamera kukamwa mpaka m'mimba. Musadye chilichonse kwa maola osachepera 6, ngakhale phala lam'mawa lija. Auzeniretu ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena oletsa magazi kuundana monga warfarin.

Amakupoperani kukhosi mankhwala owawa m'kamwa kuti kuchite dzanzi, n'kukugonekani chammbali kumanzere mutaluma kapulasitiki. Povuta ndi pomeza pokhapo. Mudzageya, malovu adzachucha. Asiyeni, anamwino anazizolowera zimenezo. Ingopumani pang'onopang'ono, kapaipiko sikatseka njira ya mpweya. Nthawi zambiri mphindi 15 sizikwana n'komwe.

Ngati akubayani mankhwala ogonetsa, pitani ndi wokuperekezani ndipo musayendetse galimoto tsikulo. Tiyi wotentha adikire kaye dzanzi lithe, mungatsamwe.