Mmene ndimaphunzitsira achinyamata a IT kupanga imelo ya kampani yaikulu

Achinyamata amene amabwera kwa ine atangomaliza ku MUBAS kapena makoleji enawa, ukangowauza kuti tiyerekeze kampani ya anthu 2,000, likulu ku Victoria Avenue, fakitale ku Makata, nthambi ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, tipangireni imelo, funso lawo limakhala lomwelomweli: "Bwana, tiike Exchange kapena Zimbra?" Awiriwa ndi mapulogalamu oyendetsa seva ya imelo. Ine ndimangoti seva isiyeni kaye, sabata yoyamba palibe woikhudza.

Poyamba apatseni pepala ajambule ulendo wa imelo imodzi. Munthu wadina Send mu Outlook, imelo yapita ku seva yake pa port (khomo lolowera mu seva) 587, sevayo yafunsa DNS, buku la maadiresi a pa intaneti, kuti MX (seva yolandira maimelo) ya domain inayo, dzina lija lobwera pambuyo pa @, ili kuti, yakatula pa port 25, uko winayo akuiwerenga pa foni kudzera IMAP, njira yowerengera maimelo ali pa seva, pa 993. Akajambula atsegule imelo yeniyeni awerenge ma header, mizere ya Received imene seva iliyonse imalemba imelo ikamadutsa, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Amene sangathe zimenezi tsiku lomwe abwana adzakalipe kuti kotesheni siinafike kwa kasitomala adzangoyang'ana denga basi.

Kenako atumeni akacheze ndi anthu. A maakaunti amatumiza ma invoice angati pa tsiku, ndi pulogalamu iti imatumiza ma payslip yokha, bokosi la info@ amalitsegula ndani, munthu akasiya ntchito maimelo ake amasungidwa mpaka liti. Pano tilinso ndi lamulo la Data Protection la 2024, ndiye zosunga maimelo a anthu mwachisawawa zija zinatha. Achinyamata amadana nayo ntchito iyi, akuti si ya IT, koma pulani yonse imatuluka mmenemu.

Sabata yachiwiri ndiye labu. Musadikire ndalama, laputopu yakale ya RAM yokwanira, VirtualBox yoyendetsera makompyuta oyerekeza mu laputopumo, Postfix yotumiza ndi kulandira maimelo ndi Dovecot yowerengera mabokosi, ndi ka domain kotchipa zakwana. Aike okha, ikayamba kuyenda inu muiwononge mwakachetechete iwo ali ku nkhomaliro. Ine ndimakonda kusintha chilembo chimodzi mu kiyi ya DKIM kenako n'kukhala pakona ndi tiyi wanga kumaonerera. Apa mpamene amamvetsa kuti SPF imanena ma seva ololedwa kutumiza m'dzina la domain yanu, DKIM ndi siginecha, DMARC imauza wolandira chochita ziwirizi zikalephera. Awiri atatu amagwa pa SPF chifukwa imalola kufunsa DNS ka 10 kokha, ndiye kampani ikakhala ndi Microsoft 365, pulogalamu ya malipiro, ina ya a malonda, ina ya helpdesk, aliyense kumangowonjezera include yake (mzere wolola seva yake mu SPF), mwadzidzidzi yapyola 10 ndipo maimelo ayamba kugwera mu spam popanda wodziwa chifukwa. DMARC ayambe ndi p=none (kungoonerera), awerenge malipoti milungu ingapo, kenako quarantine (kuponya mu spam), reject (kukaniratu) pamapeto. Wothamangira reject amatseka ma payslip a kampani yake yomwe. Ndipo izi si zokongoletsa ayi, kuyambira February 2024 Google ndi Yahoo amafuna DMARC kwa otumiza maimelo ambiri, Google inachita kutchula 5,000 pa tsiku. PTR, imene imalumikiza adiresi ya IP yanu ndi dzina la seva, asaiwale, imeneyo mumapempha kwa amene amakugulitsani intaneti.

Tsopano zathu za kuno zimene mabuku akunja sanena. Mukukumbukira namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, mdima unali wotani. Afunseni ophunzira kuti magetsi akazima maola 8 ndipo jenereta yatha dizilo chichitike n'chiyani. Ambiri amati maimelo atayika, koma ayi, seva yotumiza imayesabe, Postfix payokha imasunga pa mzere masiku 5 isanagonje. Vuto ndi anthu anu 2,000 amene angokhala manja lende. Ndiye ma seva awiri a Exchange mu DAG (gulu la ma seva okoperana mabokosi kuti ina ikafa inzake ipitirize) koma onse m'chipinda chimodzi, pa UPS imodzi, n'kudzinamiza, ina ikakhale ku Lilongwe, ndipo intaneti ichokere ku makampani awiri amene mawaya awo sadutsa ngalande imodzi.

Za cloud, kusungitsa imelo pa ma seva a kampani ina, asayankhe ndi mtima. Microsoft 365 ndi Google Workspace zimachotsa mutu wa magetsi koma mumalipira munthu aliyense mwezi ndi mwezi pa mtengo wa madola, ndipo za forex nonse mukuzidziwa. Seva yanuyanu nayo imafuna munthu wosagona, komanso Microsoft inasiya kuthandiza Exchange 2016 ndi 2019 pa 14 October 2025. Aliyense awerengetsere mtengo wa zaka 3 mbali zonse, akaufotokoze ngati akuyankhula ndi bwana wa zachuma amene MX saidziwa n'komwe.

Posamutsa anthu kupita ku seva yatsopano, atsitse TTL ya MX (nthawi imene ma seva ena amakumbukira adiresi yakale) masiku angapo lisanafike tsikulo, ayambe ndi a IT okhaokha, mabwana komalizira, ndipo asayerekeze kuchita kumapeto kwa mwezi a maakaunti ali pa moto.

Mayeso anga omaliza ndi amodzi. Ndimafufuta bokosi lonse la munthu mmodzi mu labu, n'kuuza wophunzira alibweze kuchokera mu backup ndisanabwere ku Ginnery Corner kogula chipisi. Gulu lapitali wina ndinamupeza thukuta kamukamu, backup inalipo ndithu, koma pasiwedi yake anaisunga mu imelo ya m'bokosi lomwelo.