Galimoto yogonamo ikafera panjira: zochita kuyambira mphindi yoyamba

Mvula ikangosiya, pa Mzuzu pamayamba kudutsa magalimoto osazolowereka. Ena ndi malole osandutsidwa nyumba, okhala ndi bedi, mbaula ya gasi ndi thanki ya madzi; ena ndi ma Land Cruiser a tenti padenga, ochokera ku South Africa kulowera ku Tanzania kudzera pa Songwe. A kuno nawonso ayamba kutengera: munthu amachotsa mipando yakumbuyo mu Hiace, n'kuyalamo matiresi, n'kutenga banja kupita ku Chintheche kapena ku Nyika.

Galimoto yotere ili ndi vuto limodzi lalikulu, kulemera. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 100 yokha yafanana kale ndi munthu wamkulu ndi katundu wake. Onjezanipo silinda ya gasi, batire lachiwiri, firiji ndi anthu. Tsono Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Kaya mukupita ku Nkhata Bay kaya ku Karonga, mutsetsereka mamita oposa 700, ndipo pobwerera muwakwera. Mabuleki, redieta ndi matayala ndi zomwe zimalipira. Koma galimoto yomweyo ili ndi mwayi umene anzanu a magalimoto ang'onoang'ono alibe: pogona, madzi ndi chakudya muli nazo. Palibe chokukakamizani kukonza mothamanga kapena kuyenda usiku ndi galimoto yodwala.

Musananyamuke pa Katoto mu Mzuzu

Pitani nayo ku galaja kudakali masiku angapo, osati m'mawa wa ulendo. Auzeni aone mabuleki, mapaipi a madzi a redieta ndi fanibelo. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho pang'onopang'ono, ndipo akakhalitsa amawira msanga. Ngati padutsa zaka 2 osasinthidwa, asintheni. Matayala musangoona mano okha. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Ambiri mwa matayala a kaunjika amaoneka bwino koma ndi okalamba, ndipo ndi omwe amaphulika pa kutentha kwa ku Karonga.

Mutenge jeke yokwanira kulemera kwa galimoto itadzaza, thabwa lochindikala loikapo jekeyo, wilo sipanala ndi paipi yowonjezera mphamvu, mathirayango awiri, chozimitsira moto, tochi, majampa, mafyuzi, fanibelo yapadera, sefa ya dizilo, oyilo, waya, chingwe cholimba ndi madzi malita 10 a injini yokha. Foni ikhale ndi malayini onse awiri, Airtel ndi TNM, chifukwa pamene imodzi yasowa netiweki nthawi zina inzake imagwira. Ndalama zina zikhale za m'manja. Nambala ya makaniko wanu wa ku Mzuzu ndi ya a bulekidauni muzilembenso papepala.

Gawo loyamba: ichotseni pamsewu

Mukangomva kuti china chalakwika, yatsani mahazadi ndipo gwiritsani ntchito liwiro lomwe latsala kufika pamalo abwino. Pakona ayi, pamlatho ayi, pamwamba pa chitunda pomwe wobwera sakuonani ayi. Tayala likaphulika musaponde buleki mwamphamvu: gwirani chiwongolero ndi manja awiri, chotsani phazi pa moto, galimoto ichepetse yokha liwiro. Kuli bwino kuwononga rimu poyenda mamita 100 ena kusiyana ndi kuima pakona ya ku Chiweta, pomwe malole a malasha ndi matanka a mafuta amatsika atalemedwa.

Nyali yofiira ya oyilo ikayaka, pamenepo palibe kusankha malo kwambiri. Zimitsani injini pomwe mungathe kuima, chifukwa injini yopanda oyilo imatha m'mphindi zochepa.

Mukaima kokani handibuleki, siyani mu giya, ndipo ikani miyala ikuluikulu kumatayala, mbali yomwe galimoto ingatsetserekere.

Gawo lachiwiri: anthu, gasi ndi zizindikiro

Aliyense atuluke, atulukire khomo la kumbali kwa tchire, akakhale kutali ndi msewu komanso osati kumunsi kwa galimoto. Ana amakonda kusuzumira pomwe pakugwiridwa ntchito. Apatseni munthu mmodzi wamkulu wowayang'anira. Kenako tsekani gasi pa silinda penipeni. Ambiri amaiwala zimenezi chifukwa m'galimoto wamba mulibe gasi, koma paipi yomasuka ndi kugwedezeka kwa msewu ikakhala pafupi ndi waya wothetheka imabutsa moto.

Thirayango imodzi iikeni kumbuyo masitepe ngati 50, ina kutsogolo. Ngati muli pafupi ndi kona, iikeni kona isanayambe kuti wobwera aione asanakhote. Ku Chikangawa, komwe nkhungu imatseka msewu m'mawa ndi madzulo makamaka mu Juni ndi Julayi, talikitsani kwambiri. Nthambi zomwe timayala pamsewu zimathandiza ndithu, aliyense amazidziwa, koma usiku sizioneka, ndipo pochoka muzichotse pamodzi ndi miyala ija. Mwala wosiyidwa pa tala wagwetsa okwera njinga zamoto ambiri.

Gawo lachitatu: pezani chomwe chavuta

Apa khalani pansi kaye mukumbukire: galimoto inachita chiyani isanaime? Fungo, phokoso, nyali ya pa dashibodi? Yankho lake ndi lomwe makaniko akufunseni.

Ngati singano ya kutentha yakwera, monga zimachitikira pokwera kuchoka ku Nkhata Bay kapena pa Chiweta, zimitsani ziziritso, tsegulani hita mpaka kumapeto kuti ikoke kutentha kwa injini, ndipo imani. Ngati madzi sakutayika ndipo fani ikuzungulira, isiyeni ilire pang'ono ili chiimire. Ngati nthunzi ikutuluka, zimitsani. Chotsekera redieta musachikhudze kwa mphindi zosachepera 30. Madzi a mkatimo amakhala opanikizika ndipo amatentha kuposa madigiri 100. Mukatsegula amatumphukira kumaso. Injini ikazizira tsegulani ndi nsanza pang'onopang'ono, thirani madzi, kenako funani pomwe akuthawira. Paipi yong'ambika kumapeto mutha kuidula n'kuibwezeretsa. Yobooka pakati imamangika ndi mphira wa chubu ndi waya mpaka pa tauni yotsatira. Fanibelo ikaduka, pa injini zambiri pampu ya madzi imaimanso, choncho musayende musanaikepo ina.

Onaninso oyilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, kapena madzi a mu redieta akamatulutsa thovu injini ikulira ndipo ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wosatha, gasiketi yapsa. Ulendo wa tsikulo wathera pamenepo. Kukakamira makilomita 30 ena ndi kumene kumasandutsa ntchito ya gasiketi kukhala kugula injini.

Mabuleki ndi nkhani ina, ndipo ndi yomwe imapha. Mukatsetsereka phazi lili pa buleki njira yonse, mapadi amatentha n'kusiya kugwira, mafuta ake n'kuwira, pedulo n'kumalowa mpaka pansi. Chizindikiro choyamba ndi fungo la kupserera. Mukalimva, imani pamalo oyamba otakasuka mabuleki akadagwira. Pamtsetse wotero dalirani giya ndi miyala, chifukwa handibuleki yokokedwa pa madiramu otentha imatha kumatirira. Musathire madzi pa madisiki otentha, amapindika. Dikirani theka la ola kapena kuposa, yesani pedulo, ndipo mukanyamuka tsikani pa giya 2 kapena 1, injini ndiyo izigwira galimoto. Ya otomatiki iikeni pa L kapena 2. Giya yomwe mungakwerere phirilo ndi yomwe muyenera kutsikira. Msewu wa Gorodi wochoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, wa makona akuthwa pafupifupi 20 m'makilomita ngati 15, ine sindingalangize munthu wa galimoto yayitali ndi yolemera kuti auyese n'komwe. Isiyeni kunyanja mukwere zapamalopo.

Tayala: masulani pang'ono manati galimoto ikadali pansi, ikani jeke pa thabwa, kwezani, sinthani, mangani manati modumphitsa, ndipo malizitsani kumanga mutatsitsa. Pansi pa galimoto yomwe yangokhala pa jeke musalowe, ngakhale mwendo wokha.

Ikakana kulira, mvetserani. Ngati sitata ikungoti thethethe nyali n'kumazirala, yambani ndi matheminolo a batire, omwe amamasuka m'misewu ya mabampu ngati wa Rumphi kupita ku Thazima. Batire labwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini ili chete, ndi pafupifupi 14 ikulira. Likamaonetsa ochepera 13 ikulira, alitaneta sakutchaja. Galimoto yogonamo imathanso batire lake usiku ngati firiji ndi magetsi zalumikizidwa ku batire la injini. Ubwino wake, batire lachiwiri lija mutha kulizira nalo: waya wofiira ku + mbali zonse, wakuda ku − ya batire lamoyo, mutu wake wina pa chitsulo cha injini.

Ngati sitata ikuzungulira bwino koma injini ya dizilo ikukana, kapena inayamba kutsamwa pokwera isanazime, ganizirani mafuta. Dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, yemwe timathamangira mafuta akasowa, amabwera ndi madzi ndi zinyalala. Pansi pa sefa pamakhala kotsegula kochotsera madzi; khetsani mpaka dizilo woyera atuluke, sinthani sefa ngati yatsekeka, kenako popani kapampu ka pamwamba pake mpaka kalimbe kuti mpweya uchoke. Sitata musaizunguze kupitirira masekondi 10 nthawi imodzi.

Gawo lachinayi: kuitana thandizo

Mukalephera, imbirani makaniko wanu mumufotokozere mwadongosolo, ndipo mutumizireni zithunzi ndi kavidiyo ka phokosolo pa WhatsApp. Nenani malo momveka: mwadutsa Phwezi kapena simunafike, msika womaliza unali uti. Ngati netiweki palibe, mmodzi akwere njinga yamoto kapena minibasi kukaimba, wina atsale ndi galimoto. Ku Nyika, kuchoka pa geti ya Thazima kufika ku Chelinda ndi makilomita pafupifupi 60 a msewu wafumbi, magalimoto ndi apatalipatali ndipo muli nyama; kumeneko musayende wapansi, khalani pagalimoto. Polowa uzani a pageti komwe mukupita ndi tsiku lotuluka.

Pa malo ochitira malonda ngati Bwengu, Uliwa kapena Jenda simulephera kupeza wodziwa sipanala, ndipo ena ndi aluso kwambiri pa injini zakale za dizilo. Koma gwirizanani musanayambe. "Bambo, muyambe mwaona kaye, mundiuze chavuta ndi mtengo wake, kenako timasule." Khalani pomwepo akamagwira, manati aziikidwa m'mbale imodzi, ndipo chitsulo chakale akubwezereni. Ngati galimoto ndi ya makono yoyendera kompyuta, musalole kuyesayesa kodula mawaya. Sipeya ikafunika, makaniko wa ku Mzuzu atha kuigula n'kuikweza minibasi; mutumizireni chithunzi cha nambala ya chasisi kuti asagule yolakwika. Za magalimoto a ku Europe, monga Fiat Ducato, zimavuta kupeza kuno, ndipo mwina mudikira kuti zichoke ku Lilongwe, Dar es Salaam kapena Johannesburg.

Gawo lachisanu: kukoka, kapena kugona

Injini ikazima, buleki imalimba ndipo chiwongolero chimalemera. Choncho kukoka ndi chingwe n'kwa pamalo athyathyathya, mtunda waufupi, pang'onopang'ono. Pamtsetse, galimoto yolemera imakankha yomwe ikuikoka. Pamafunika chitsulo chokokera kapena kuinyamula. Ya otomatiki inyamulidwe basi, apo ayi giyabokisi ipsa. Poitana a bulekidauni auzeni kutalika ndi kulemera kwa galimoto, angabwere ndi yaing'ono n'kukulipiritsani ulendo wachabe. Khuthulani thanki ya madzi musanaikweze, mutasungako akumwa.

Dzuwa likamalowa ntchito isanathe, lekani. Ngati ingasunthike, ikankhireni pa rodibuloko ya apolisi, pa filing'i siteshoni, pasukulu kapena patchalitchi. Ngati muli pamudzi, pitani mukapereke moni kwa amfumu kapena eni khomo lapafupi, munene kuti ndinu ndani ndipo chachitika n'chiyani. Kawirikawiri amakupatsani mnyamata wolondera, ndipo m'mawa mumuthokoze ndi kangachepe. Ngati galimoto yatsala m'mphepete mwenimweni mwa M1, musagonemo, yalani tenti kapena mphasa patali. Ndipo kuzizire bwanji ku Chikangawa, mbaula ya makala kapena ya gasi isayake m'galimoto yotseka mawindo: mpweya wake sununkha, umangogonetsa anthu osadzukanso.

Mukakonza

Musanyamuke ngati palibe chachitika. Yendani makilomita 10, imani, suzumirani pansi ngati pakudontha kanthu, gwirani pafupi ndi marimu ngati lina latentha kuposa anzake. Manati a tayala lomwe mwasintha muwamangenso mutayenda makilomita 50. Tayala lobooka likonzetseni pa tauni yoyamba, chifukwa kuchoka pa Karonga kupita ku Chitipa ndi makilomita pafupifupi 100 ndipo simungafune kuwayenda opanda sipeya. Paipi yomangidwa ndi mphira, waya wolumikiza ndi fyuzi yobwereka zilembeni papepala, mukafika ku Mzuzu mukapereke pepalalo ku galaja kuti aikemo zenizeni.