Momwe mungadziwire tanthauzo la mawu a Chingerezi akuti "get"

Wophunzira Chingerezi akatsegula mtanthauziramawu n'kuona kuchuluka kwa matanthauzo a kamawu ka zilembo zitatu aka, kawirikawiri amagwa ulesi. Kuloweza matanthauzo onsewo n'kudzivutitsa chabe, chifukwa tanthauzo la mneni ameneyu limadalira mawu amene akumutsatira. Choncho mukakumana naye m'chiganizo, yambani mwaona mawu otsatirawo musanaganize za tanthauzo lake.

Ngati mawuwo ndi dzina la chinthu, ndiye kuti chinthucho chafika kwa munthu, ndipo nkhani yonse ndi imene ikuuzeni njira imene chafikira. "I got a letter" ndi kulandira kalata, "she got a job" ndi kupeza ntchito, pamene "he got flu" ndi kudwala chimfine. Dzinalo likakhala la malo, tanthauzo ndi kufika, monga "we got to London", koma dziwani kuti pa "get home" ndi "get there" saikapo "to".

Mawu otsatirawo akakhala mfotokozi, "get" amasonyeza kuti zinthu zikusintha. Wonena kuti "it is dark" akufotokoza kuti kunja kwada kale, koma wonena kuti "it is getting dark" akuona mdima ukubwera pang'onopang'ono.

Pamene pamafunika kusamala kwambiri, m'kuona kwanga, ndi pamene "get" wayenda ndi mneni wina, popeza kusuntha mawu amodzi okha kumasintha amene wachita ntchitoyo. "I got paid" akutanthauza kuti munthuyo walipidwa ndi wina. "I got the car repaired" akutanthauza kuti anakonzetsa galimoto kwa makaniko, sanaikonze yekha ayi. Koma pa "I got him to sign", pamene pakati pali munthu kenako "to", wolankhulayo anachititsa mnzake kusaina, ndipo nthawi zambiri zimamveka kuti panafunika kumunyengerera kaye.

Palinso timawu monga "up", "on" ndi "over", timene tikaphatikana ndi "get" timapanga mneni watsopano, ndipo awa ndi okhawo oyenera kuloweza, aliyense m'chiganizo chake. "Get up" ndi kudzuka, "get over" ndi kuchira kapena kuiwala zowawa, ndipo "get away with" ndi kulakwa koma osalangidwa. Pokwera basi, sitima kapena ndege amati "get on", pokwera galimoto yaing'ono amati "get in".

Musanyengedwe ndi "have got". Ngakhale akuoneka ngati akunena zakale, "I have got a car" akutanthauza kuti munthuyo ali ndi galimoto panopa, ndipo "I have got to go" ndi kunena kuti ayenera kupita. Mukawerenga "gotten" musaganize kuti wolembayo walakwitsa: mawuwa ndi akale, a ku America anawasunga pamene a ku Britain ambiri anawasiya, ndipo amati "it has gotten worse" kumene anzawowo amati "it has got worse".

Polankhula, gwiritsani ntchito "get" momasuka monga amachitira eni chinenerocho. Polemba kalata yofunsira ntchito kapena lipoti, sankhani mneni wolunjika pa zimene mukunena: "receive" polandira, "obtain" popeza, "become" posintha ndi "arrive" pofika.