Hot tub yatsopano ikuvuta? Onani izi musanaitane mmisiri

Mwadzaza madzi mu hot tub yanu (bafa lalikulu lokhalamo anthu angapo, lotenthetsa lokha madzi), mwayatsa, koma madziwo sakutentha kapena pampu ikungolira. Musafulumire kunena kuti anakugulitsani chakufa. Mavuto ambiri a masabata oyamba amachokera ku mpweya wotsekeredwa m'mapaipi, sefa yakuda, kapena madzi osasamalidwa, ndipo zonsezi mungathane nazo nokha.

Yambani ndi kumvetsera pampu. Ikamalira koma m'timabowo osatuluka madzi, ndiye kuti mpweya watseka njira, zomwe zimachitika kwambiri mukangodzaza koyamba. Yatsani kwa masekondi ochepa, zimitsani, mubwereze kangapo. Zikakanika, zimitsani magetsi onse opita ku hot tub, kenako masulani pang'ono nati yaikulu yolumikiza paipi ku pampu. Mumva mpweya ukutuluka. Madzi akayamba kudontha, mangani. Ulendo wina podzaza, lowetsani paipi pamene pamakhala sefa, kuti madzi ayambe adzaza m'mapaipi n'kukankha mpweyawo.

Kenako werengani zomwe zalembedwa pa sikirini. Pa makina ambiri, FLO imatanthauza kuti madzi sakuyenda mokwanira. Pa ma hot tub ochita kupopa ngati chubu a mtundu wa Lay-Z-Spa vuto lomweli limalemba E02, pa a Intex E90. Onani ngati madzi afika pamzere wake, kenako zimitsani makina, chotsani sefa, muyatsenso kwa kanthawi. Uthengawo ukachoka, wolakwa ndi sefa. Itsukeni ndi madzi a pampopi, osati ndi sopo.

Za kutentha, nthawi zambiri pamangofunika kudekha. Ma hot tub ochita kupopa amakweza madigiri 1 kapena 2 okha a Celsius pa ola, choncho madzi ozizira a pampopi angatenge pafupifupi tsiku lathunthu. Vindikirani, ndipo musayatse zotulutsa thovu pamene mukudikira, chifukwa mpweyawo umaziziritsa madzi. Magetsi akathima n'kuyakanso, pitani mukaone ngati hita yayambanso. Makinawa anawapanga kuti asapitirire madigiri 40, ndiye musalimbane nawo.

Pomwe ambiri amalephera ndi pa madzi. Madzi otentha amadya klorini msanga kuposa a m'dziwe losambiramo, ndipo anthu anayi m'madzi ochepa chonchi amawadetsa usiku umodzi. Gulani timapepala toyezera madzi. Konzani alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) poyamba, ikhale pakati pa 80 ndi 120 ppm (magawo pa miliyoni), apo ayi pH (muyeso wa asidi m'madzi) izingokwera ndi kutsika. Kenako pH ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.8, klorini pakati pa 3 ndi 5 ppm. Madzi akachita mbuu, nthawi zambiri klorini wachepa kapena pH yakwera. Mukathira mankhwala, siyani pampu ikuyenda chivindikiro chili chotsegula, ndipo musasakanize klorini ndi mankhwala ena m'chitini chimodzi. Amene mumadzaza madzi a pamjigo, yembekezerani zoyera zokakamira m'mbali ndi pa hita. Ndi laimu wa m'madzimo, ndipo amachuluka pH ikakwera.

Thovu losatha ndi sopo wotsalira m'zovala zosambira komanso mafuta odzola. Aliyense azisamba asanalowe, zovalazo muzingotsukuluza ndi madzi okha. Mankhwala othetsa thovu amangobisa vuto. Likanyanya, tayani madziwo mudzaze ena. Wina akatuluka tizilonda toyabwa patapita tsiku kapena awiri, lekani kusambamo. Mabakiteriya otchedwa Pseudomonas amaswana m'madzi ofunda opanda klorini wokwanira, choncho tayani madzi, tsukani zonse, sinthani sefa.

Vuto limodzi lokha si lanu: RCD (swichi yoteteza yomwe imadula magetsi akamathawira kwina) ikamagwetsa magetsi. Onani ngati pulagi yanyowa, ndipo ngati munalumikiza ku waya wowonjezera, chotsani, chifukwa opanga amaletsa zimenezi. Ikagwetsanso, musabwereze kuyatsa, ndipo pasapezeke wolowa m'madzimo. Musatsegule bokosi la magetsi, mungataye waranti. Imbirani amene anakugulitsani kapena katswiri wa zamagetsi wovomerezeka, mumuuze uthenga womwe sikirini yalemba.