Momwe mungasungire memori yoti driver wa disiki athe kunena vuto likagwa

Mayi wina amene ali ndi kashopu kosindikiza mapepala kufupi ndi msika wa Kapata anandibweretsera kompyuta yake itanyamulidwa pa njinga. Magetsi anali atazimazima kwa masabata angapo, ndipo disiki inayamba kulira tiki-tiki mkati. Nditaiyatsa ndi Linux ya pa flashi n'kulemba dmesg kuti ndione mauthenga a Linux, mizere iwiri inandiuza zonse: "Sense Key : Medium Error", kenako "Unrecovered read error", pamodzi ndi nambala ya sector (kachigawo ka disiki) yomwe yakana kuwerengeka. Tinakopera mafayilo ake tsiku lomwelo, ambiri anapulumuka.

Sabata yomweyo mnyamata wina amene ndimamuphunzitsa anandionetsa driver (pulogalamu yolankhulitsa kompyuta ndi chipangizo monga disiki) amene analemba yekha poyeserera. Disiki ili bwino, zonse zinkayenda myaa. Titaikapo disiki yodwala, makina anangouma gwa, osanena kalikonse. Titafufuza tinapeza kuti driver wakeyo ankapempha memori yolembamo vuto pa nthawi imene vutolo lagwa kale.

Ndiye nkhani ya lero: malo olembamo vuto muwakonze vuto lisanabwere. Mlimi wa ku Katete samayamba kuluka nkhokwe chimanga chili kale pabwalo mitambo itada. Zotsatirazi ndikulembera inu amene mukuphunzira kulemba ma driver, kaya pa Linux kaya pa Windows.

Choyamba, dziwani chimene mukusungira malo

Ma disiki ambiri amalankhula ndi kompyuta m'chinenero cha SCSI, ngakhale flashi ija munagula ku Saturday Market. Lamulo lotumizidwa ku disiki likalephera, disikiyo imayankha kuti CHECK CONDITION, ndipo chifukwa chake chimakhala mu kauthenga kotchedwa sense data. Kali ndi maonekedwe awiri. Kamene kamayamba ndi 0x70 kapena 0x71 ndi fixed format, komwe kawirikawiri kamakhala ma byte 18. Kamene kamayamba ndi 0x72 kapena 0x73 ndi descriptor format, komwe kamatha kutalika. Mu fixed format, sense key (mtundu wa vuto) ili mu byte 2, ndipo ASC ndi ASCQ (nambala zolifotokoza mwatsatanetsatane) zili mu byte 12 ndi byte 13. Sense key 3 ndi ASC 0x11 ndi zija ndinaona pa disiki ya mayi uja. Sense key 2 ndi ASC 0x3A ndiye kuti mulibe choti chiwerengedwe, monga memori khadi yazulidwa.

Kukula kwa buffer, malo a mu memori osungiramo sense data, musakuganizire nokha. Linux imagwiritsa ntchito SCSI_SENSE_BUFFERSIZE, yomwe ndi ma byte 96. Pa Windows, SENSE_BUFFER_SIZE yakale ndi 18. Malamulo a SCSI amalola sense data kufika ma byte 252, choncho disiki ikhoza kukhala ndi zambiri zonena kuposa malo amene mwaipatsa. Tibwererako kumeneku.

Chachiwiri, tengani memori poyambirira, lamulo lililonse ndi yake

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndikhalitsapo.

Driver akamadzuka, kapena disiki ikangolumikizidwa, mumadziwa kale kuti malamulo angati angakhale panjira nthawi imodzi. Ngati ndi 32, tengani ma buffer 32 pompo, lamulo lililonse likhale ndi yakeyake. Musagawire malamulo onse buffer imodzi. Disiki ikayamba kufa, malamulo amalephera motsatizana, ndipo lachiwiri lidzafufuta zimene loyamba linalemba musanaziwerenge. Linux imachita chimodzimodzi: mu scsi_mq_init_request, sense_buffer ya lamulo lililonse imatengedwa pokonza mzere wa malamulo, disiki isanafunsidwe kanthu. Memori ikasowa pa nthawi imeneyi, palibe choopsa. Driver amangokana kudzuka, inu n'kuona uthenga womveka.

Nanga kupempha memori vuto litagwa kuli ndi vuto lanji? Taganizani chonchi. Kompyuta ili ndi RAM yochepa, monga zambiri zimene timakonza muno mu Chipata. RAM yadzaza. Driver wanu akupempha memori ndi GFP_KERNEL. Kernel, mtima wa Linux, ikuti dikira kaye, nditaye zina ku swap (malo osungirako zosefukira mu RAM) kuti upeze malo. Swap ili kuti? Ili pa disiki yomweyi yomwe ikulephera, ndipo driver woyenera kulemba ku swap ndi yemweyu amene akudikira memori. Aliyense akudikira mnzake mpaka wina azimitse makina. Izi ndi zomwe zinachitikira mnyamata wanga uja.

Vuto lina ndi lakuti yankho la disiki limafika nthawi zambiri mkati mwa interrupt (chizindikiro chimene chipangizo chimadukizira nacho CPU) kapena pafupi nayo, pomwe driver saloledwa kugona kudikira chilichonse. Pamenepo chololedwa ndi GFP_ATOMIC, yomwe sigona koma ikhoza kubweza NULL. Ngati mukukakamizika kupempha memori panjira ya I/O pomwe kugona n'kololedwa, gwiritsani ntchito GFP_NOIO, ndipo kumbuyo kwake kukhale mempool yosunga zochepa zapadera. Koma ine ndimauza ophunzira anga kuti pa sense buffer asafike n'komwe kumeneko. Ma byte 96 kuchulukitsa ndi 32 ndi 3,072 basi. Palibe chifukwa choumira.

Pa Windows ganizo ndi lomweli, mawu okha ndi osiyana. Buffer imene SenseInfoBuffer ya SRB (paketi yonyamula lamulo la SCSI) ikuloza ichokere ku nonpaged pool, memori yomwe sitayidwa ku disiki. Njira yatsopano ndi ExAllocatePool2 ndi POOL_FLAG_NON_PAGED, yomwe inabwera ndi Windows 10 version 2004 kulowa m'malo mwa ExAllocatePoolWithTag. Mukakhudza memori ya paged pa DISPATCH_LEVEL (mlingo umene driver saloledwa kudikira) itatayidwa ku disiki, mudzaona sikirini ya buluu yolembedwa DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, nambala yake 0xD1. Ikani tag ya zilembo zinayi yomwe mudzaizindikire, idzakuthandizani kumapeto.

Chachitatu, buffer isakhale pa stack

Chipangizo chimatha kulemba mu buffer yanu mwachindunji, osadzera pa CPU, m'njira yotchedwa DMA. Kulemba u8 sense[96] mkati mwa function, zomwe zimaiika pa stack, n'kupatsa chipangizo adilesi yake kumaoneka kwachidule, koma n'kolakwika. Kuyambira Linux 4.9 ya mu 2016, stack ya kernel pa x86 ikhoza kukhala mu memori ya vmalloc, yomwe siyenera DMA, ndipo ma driver angapo a USB anasweka nazo nthawi imeneyo. Tengani ndi kmalloc kapena kmem_cache, ndipo buffer isagawane cache line ndi zinthu zina zimene CPU ikusintha.

Chachinayi, pukutani musanatumize, ndipo musakhulupirire utali umene disiki yanena

Musanatumize lamulo, dzazani buffer ndi ziro. Mukapanda kutero, vuto la dzulo lidzawerengedwa ngati la lero, ndipo wina adzataya disiki yabwinobwino.

Yankho likabwera, onani kaye ngati sense data ilipodi. Pa Windows, SrbStatus ikhale ndi SRB_STATUS_AUTOSENSE_VALID. Kenako utali. Byte 7 imanena kuchuluka kwa ma byte otsatira, ndiye utali wonse ndi nambala imeneyo kuwonjezera 8. Yerekezani nambalayi ndi kukula kwa buffer yanu komanso ndi zimene zinafikadi, mutenge yochepa pa zonsezo. Ma flashi otsika mtengo amene adzaza m'mashopu athu ena amanena zinthu zosamveka, ndipo driver wokhulupirira chilichonse adzawerenga kupyola malire a buffer. Pa Linux musavutike kumasulira nokha: scsi_normalize_sense imalandira maonekedwe onse awiri n'kukupatsani sense key, ASC ndi ASCQ.

Pa flashi za USB zoyendera Bulk-Only pali kenanso. Sense data sibwera yokha. Driver amayenera kutumiza REQUEST SENSE, lamulo 0x03, nthawi yomweyo lamulo lina lisanadutse, apo ayi uthenga umafufutika. Choncho lamulo lofunsira limeneli nalonso likhale lokonzedwa kale ndi memori yake.

Chachisanu, buffer ndi ya ndani?

Lembani yankho la funsoli pamwamba pa code yanu. Wotenga memori ndiye woibweza, kamodzi kokha. Pa Windows pali msampha apa: class driver (driver wanu wa pamwamba) akaika SRB_FLAGS_PORT_DRIVER_ALLOCSENSE, port driver (wa pansi pake) akhoza kusinthanitsa buffer yanu ndi yake yokulirapo, n'kuika SRB_FLAGS_FREE_SENSE_BUFFER kukuuzani kuti yatsopanoyo muibweze ndinu. Mukaiwala, memori imadontha pang'onopang'ono pa vuto lililonse. Mukabweza kawiri, mudzakumana ndi BAD_POOL_CALLER, 0xC2. Ndiye sungani adilesi ya buffer yanu yoyambirira pambali, muibwezeretse mu SRB musanaigwiritsenso ntchito.

Chinanso: lamulo likachedwa kuyankhidwa, musathamangire kubweza buffer yake. Chipangizo chikhoza kudzuka mochedwa n'kulemba m'malo amene tsopano ndi a wina. Yambani mwaliimitsa lamulolo kapena kuchita reset, mutsimikize kuti chipangizo chasiya, kenako mubweze.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani mu log mosamala

Disiki yakufa imatha kulephera mazanamazana pa sekondi. Gwiritsani ntchito dev_err_ratelimited, yomwe imalola mauthenga 10 pa masekondi 5, ndipo musunge chiwerengero cha mavuto onse pambali. Pa Windows, IoAllocateErrorLogEntry ikhoza kubweza NULL. Ikatero, dumphani kulemba koma malizani lamulo ndi yankho lolondola, poti pulogalamu imene ikudikira ndi yofunika kuposa log. IoWriteErrorLogEntry ikatenga uthenga, memori yake si yanunso, musaikhudze. Ngati disiki yodwalayo ndi yomwe imasunga log, tumizani mauthenga ku kompyuta ina ndi netconsole.

Pomaliza, lidzetseni vuto dala

Musadikire kuti magetsi akuphereni disiki kuti muone ngati zonsezi zikugwira. Pa Linux, modprobe scsi_debug opts=2 imapanga disiki yabodza mu RAM yomwe imabweza Medium Error mukawerenga sector 0x1234. Imeneyi ndi yabwino poona momwe zigawo zapamwamba zimalandirira vuto. Yatsani failslab kuti kmalloc izilephera dala, ndi kmemleak kuti muone zodontha. Pa Windows, yatsani Driver Verifier ndi Special Pool, Pool Tracking ndi Low Resources Simulation, kenako muziyang'ana tag yanu ija mu poolmon: nambala ikamangokwera osatsika, pali buffer yomwe simukubweza. Chitani zimenezi pa makina oyeserera, chifukwa Verifier amagwetsa kompyuta akangopeza cholakwa.

Disiki ya mayi wa ku Kapata uja anandisiyira, ndipo ili m'kabati ku shopu nditailemba ndi maka. Mnyamata uja atakonza driver wake tinailumikizanso Loweruka masana, RAM titaidzaza dala. Makina sanaume. Pa sikirini panatuluka sense key 3, ASC 0x11, ndi nambala ya sector yomweyo imene ndinaona tsiku loyamba.