Momwe mungafufuzire tanthauzo la mawu achihebri osowa: "anak" wa pa Amosi 7

M'masomphenya achitatu a Amosi (7:7-9), Ambuye aima pakhoma ali ndi "anak" m'dzanja, nkunena kuti aika "anak" pakati pa Aisraeli. Mabaibulo ambiri amati chinali chingwe cha amisiri choongolera khoma, koma nkhaniyi njotsutsidwa. Njira ili m'munsiyi mungaigwiritse ntchito pa mawu aliwonse osowa.

Yambani ndi kuona kuti mawuwo akupezeka kangati. Tsegulani tsamba la pa intaneti la Blue Letter Bible kapena STEP Bible, pezani vesilo, dinani pa mawuwo. Nambala yake ya Strong, yozindikirira mawuwo pa mndandanda wa mawu achihebri a m'Baibulo, ndi H594. Mupeza kuti akupezeka kanayi m'Chipangano Chakale chonse, ndipo kanayi konseko ndi m'mavesi 7 ndi 8. Ndiye kuti palibe vesi lina lofanizira nalo.

Kenako funsani ngati Chihebri chili ndi mawu ena otchulira chinthu chomwecho. Ambiri amadumpha gawoli. Pa 2 Mafumu 21:13 ndi Yesaya 28:17, chingwe choyezera ndi "qav" ndipo cholemera chakunsonga kwake ndi "mishqolet". Mtovu ndi "oferet", tini ndi "bedil", ndipo onse awiri ali pa Numeri 31:22. Amosi sanagwiritse ntchito ngakhale amodzi mwa amenewa.

Tsopano onani matembenuzidwe akale. Septuagint ya Chigiriki inalemba "adamas", chinthu cholimba kwambiri chosasweka. Jerome, m'Vulgate ya Chilatini, anaonapo chopakira pulasitala cha mmisiri. Ganizo la chingwe chokhala ndi mtovu kunsonga linafala kudzera mwa akatswiri achiyuda monga Rashi, ndipo King James ya 1611 inatsata pomwepo. Akale akasiyana chotere, ndi chizindikiro choti mawuwo anali atawavuta kale.

Gawo lolemera ndi la zilankhulo zapachibale. M'Chiakadi, chilankhulo cha ku Asuri ndi Babulo, muli mawu oti "annaku". Kwa nthawi yaitali ankaganiziridwa kuti ndi mtovu, zomwe zinkayenda bwino ndi nkhani ya chingwe. Mu 1965, katswiri wa Chiakadi Benno Landsberger anaonetsa kuti "annaku" ndi tini. Apa zinthu zisintha: tini ngwopepuka poyerekeza ndi mtovu (magalamu 7.3 pa sentimita ya kiyubiki, pomwe mtovu ndi 11.3), ankachokera kutali, ndipo ntchito yake yaikulu inali kusakaniza ndi mkuwa, pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi, kuti pakhale chitsulo cholimba chosulira zida. Nchifukwa chake ena amamva kuti Mulungu akuunjika zida zankhondo pakati pa anthu ake, ndipo vesi 9 likutchuladi lupanga lodzaukira nyumba ya mfumu Yerobowamu. Komabe samalani. Mawu obwereka amatha kusintha tanthauzo akalowa m'chilankhulo china, choncho Chiakadi ndi umboni chabe, sichigamula mlandu.

Mukatero, werengani mawuwo mokweza. M'masomphenya achinayi, pa Amosi 8:1-2, muli funso lomwe lilinso pa 7:8, "Ukuona chiyani, Amosi?" Iye aona dengu la zipatso zakupsa, "qayits", ndipo Mulungu ayankha kuti "qets", chimaliziro, chafika. Yeremiya 1:11-12 ali ndi "shaqed", mtengo wa alimondi, ndi "shoqed", kuyang'anira. Nkutheka kuti "anak" nayenso anasankhidwa chifukwa cha kamvekedwe kake, kofanana ndi "anach" ndi "anaq", kubuula. Sikuti nzotsimikizika, koma masomphenya achinayi akuchirikiza ganizoli kuposa momwe vesi lililonse likuchirikizira chingwe.

Pokonza ulaliki, tsamirani pa zimene ndimeyo yanena poyera. M'masomphenya awiri oyamba, a dzombe ndi a moto, Amosi anapembedzera ndipo Mulungu analeka. M'achitatu mulibe kupembedzera, ndipo Mulungu akuti sadzawalekereranso, mawu omwe abwerezedwa pa 8:2. Cholakwika chofala ndi kumanga uthenga wonse pa khoma lopotoka, pomwe vesilo silikunena kuti khomalo ndi lopotoka. Mukafuna chithunzi cha Mulungu woyeza anthu ndi chingwe, tengani Yesaya 28:17, pomwe mawu ake sakukayikitsa.